Tabo Yanga ndi Ulendo wa Apongozi

Lolemba

Amake Chisomo abwera ndi nkhani: amayi awo aitanidwa kuchipatala ku Chipata Lachisanu, akachotsedwe ng'ala. Diso lina linafa kale, ili ndi lotsala. Akaphonya tsikuli, madokotala a maso adzabweranso liti, palibe akudziwa. Minibasi akana, ati imawasanzitsa. Asankha vaneti yanga, galimoto yonyamulira mtedza! Ine mkamwini amene pamudzi pano amandikumbuka denga likadontha basi. Ndathokoza kwambiri.

Vuto ndi limodzi. Ndikaponda moto, galimoto imayamba yaganiza kaye. Zii. Kenaka tabo, kachipangizo kokankhira mpweya mu injini, imadzidzimuka, galimoto n'kulumpha. Matumba a mtedza sadandaula. Koma apongozi sangakhale kutsogolo pambali panga, mwambo sulola. Akhala kumbuyo pamatiresi. Akagubuduzika, nkhope ndidzaiika pati?

Ndikonza ndekha. Pofika Lachitatu zikhala zitatha.

Lachiwiri

Ndatsegula bokosi la fyuluta ya mpweya. Zili m'katimo:

makoko a mtedza
thonje
sokosi yanga imene ndinakalipira ana kuti ataya
khoswe mwini nyumba, wonenepa, wopanda manyazi

Injiniyi imapuma bwanji masiku onsewa? Ndakutumula fyuluta, fumbi mpaka m'makutu. Khoswe ndamukhululukira, mawaya sanadye.

Kuyesa pamsewu wa ku Zemba. Kuganiza kuja kukadalipo, koma tsopano ikuganiza uku ikuimba mluzu. Ndikuti zasinthako ndithu.

Lachitatu

A Tembo, makanika wa pansi pa mtengo ku boma, pafoni: "Mluzuwo ndiye kuti mpweya uthawa. Pakani sopo mapaipi, muone potuluka thovu. Zikakanika bweretsani kuno. Tabo osamasula, mwamva?"

Ndamva.

Sopo wa amake Chisomo watha, koma thovu laoneka! Paipi yaikulu yang'ambika m'munsi. Ndamanga ndi mphira ya chubu, mfundo zanga zomangira denga zija. Ikuthamanga bwino mpaka padambo. Kenaka phuu! Paipi yafwamphuka, utsi wakuda bii, mbuzi kubalalika.

Andikankha ndi amayi a Chigwirizano ochokera kumapemphero. Mabulauzi awo oyera aja, sindinena. Palibe wandinyoza, mmodzi wangoti, "Tikupemphererani." Mulungu awadalitse amayi amenewa.

Lachinayi

Ndamasula tabo. Kungoona chabe.

Ndatsuka ndi palafini, ikuwala. Kubwezera. Nati imodzi yasowa. Ndasesa bwalo lonse, ndakayikira nkhuku. Ndangoti zilibe kanthu, ndaliza injini.

Nati yapezeka. Khwerekhwere! Inali m'paipi yolowa mu tabo.

A Tembo afika panjinga yamoto. Asuzumira m'kati mwa tabo. "Timapiko tokankha mpweya tonse tatha. Yatsopano kuitanitsa ku Lusaka, ndipo si za sabata ino." Achotsa zam'kati zophwanyikazo, atseka paipi ya oyilo, alumikiza zotsala. "Iyenda popanda tabo, koma musapikisane ndi njinga." Mawu akuti "ndinakuuzani" sanatuluke pakamwa pawo. Munthu ameneyu ndidzamunyamulira chimanga chake mpaka ukalamba.

Madzulo apongozi atumiza mbatata yophika, ati oyendetsa adye akhute. Sakudziwa kanthu. Ndili ndi mantha, ndisaname.

Lachisanu

Tanyamuka m'bandakucha. Kumbuyo apongozi ndi amake Chisomo, pamatiresi. Kutsogolo ine ndi thukuta langa.

Zotipitirira panjira:

minibasi zonse
njinga yonyamula makala
ngolo ya ng'ombe, pachitunda, mwini wake atandipatsa moni bwinobwino

Giya yoyamba, yachiwiri, yoyambanso. Kuponda moto mpaka pansi, galimoto siganiza, silumpha, ingoyenda. Dzuwa likukwera. Ndikupemphera maso ali pamsewu: Ambuye, manyazi anga alekeni akhale, koma diso la mayiyu ayi.

Tafika nesi akuitana omaliza. Alowa! Ndakhala pansi, kutsamira tayala.

Loweruka

Achotsa bandeji m'mawa. Akuona! Amake Chisomo akulira ndi kuseka nthawi imodzi, inenso china chake chandilowa m'maso.

Potuluka apongozi aima, ayang'anitsitsa vaneti, afunsa mwana wawo: "Kodi ndi yofiira?" Zaka zonsezi ankangoimva kulira.

Pobwerera ndikuwamva kumbuyo akutchula zonse: minda ya thonje, nyumba ya malata imene sankaidziwa, mwana wa uje wakula chonchi. Sitinaime paliponse. Paliwiro lathuli munthu amaona zonse, n'kufunsanso za kumudzi.

Lamulungu

Tachoka kutchalitchi. Zotsala za tabo zili m'ndowa pakhonde. Ndikuganiza zouza a Tembo aitanitse ina, mtedza suyembekeza.

Apongozi abwera. Akhala kuseri kwa nkhokwe monga mwa masiku onse, akulankhula ndi mwana wawo, koma mokweza kuti mawu andipeze: "Uwauze atate ake a Chisomo kuti ndathokoza. Galimoto yawo ndi yaulemu, sinandigwedeze ngakhale pang'ono. Kokaonetsa diso ndizipita ndi iwowa basi. Ndamva ati afuna kuikonza. Asaikhudze."

Amake Chisomo abwereza zonse, ngakhale ndamva ndekha. Ndagwada, ndaomba m'manja.

Tabo siitanitsidwa. Mawa ndili ndi matumba opita ku boma, ndipo ngati ndikufuna kupeza msika usanathe, ndiyambe kulongedza pompano.