Ulendo wa ku Minda ya Mphesa

Lolemba

Tikiti yafika pa foni! Esinati, mwana wanga amene amagwira ntchito m'minda ya mphesa ku Kepu, akuti ndinyamuka Loweruka. Pa ndege! Ine amene ndakalamba ndikuziona kumimba kokha ndege za ku Chileka. Ndikamuona Tadala, mdzukulu wanga. Wayamba kuyenda, ine sindinamuberekepo kumbuyo.

Akuti akandiyendetsa m'matauni akalekale. Matchalitchi oyera mbuu, mphesa mpaka m'phiri, nyumba zofolera udzu zimene anthu amalipira kuti azione. Udzu. Chonsecho ine khitchini yanga ndimachita nayo manyazi.

Pasipoti ndaiika pansi pa matiresi. Mtima sukukhazikika. Chiswe cha m'nyumba muno chinadya kale kalata ya ukwati.

Lachiwiri

Esinati akuti alendo amatsikira m'zipinda zapansi momwe muli migolo ya vinyo, wina waukulu kuposa iyeyo. Amalawa n'kulavula. Nanga mayi wa Mvano akalawa n'kulavula, wamwa kapena sanamwe? Ndafunsa akulu a mpingo. "Mayi, lilimelo si lanu lomwe?" Kaya aloleza, kaya akaniza.

Ndayeserera ndi thobwa kuseri kwa nkhokwe. Kulawa ndikutha. Kulavula kukundikanika.

Pasipoti ndaisamutsira m'Baibulo.

Lachitatu

Lirangwe yense wamva. Kwa anthu kuno Kepu ndi Joni ndi mudzi umodzi, aliyense ali ndi mbale wake woti ndikamupatsire kanthu pamsewu. Pabalaza pali:

usipa wa mwana wa a Nachisale
nandolo
masau ouma
mtedza wosasenda
nsapato imodzi, yoti akaonere saizi

Kukana sindingathe. Maliro akadzandigwera, odzandikhalira ndi omwewa. Changa ndi thumba limodzi lokha, ufa wa phala la Tadala.

Anthu akungolowa ndi kutuluka, wina mpaka kutsegula Baibulo langa kufuna vesi. Mtima unangoti phaa. Pasipoti ndaikulunga m'jumbo, ndaikwirira pakati pa ufa wa Tadala, ndasoka pakamwa. Sindinauze munthu, ngakhale abambo a Esinati. Lero ndigona.

Lachinayi

Ku Mvano andiimbira, andipempherera, ndalira. Mayi busa: "Mukadye zipatso zokhazo, madzi ake muwasiye."

Pobwera ndapeza pabalaza pali mbee! Abambo a Esinati amva kuti ndege sinyamula katundu wotere, ndiye akweza matumba onse pa minibasi mpaka m'tauni, apatsira bambo wina amene amanyamula katundu wa anthu pa basi ya ku Joni. "Uyende ngati bwana, kachikwama kokha m'manja." Mwamuna wanzeru. Ndawakazingira mazira.

Diresi ndasita. Ndikuopa chimodzi: kodi m'ndege munthu akafuna kutaya madzi amauza ndani?

Lachisanu

Ndati ndiike pasipoti m'kachikwama. M'Baibulo mulibe. Pansi pa matiresi palibe. Kenako ndakumbukira ufa.

Tamuimbira wa katundu uja. Ali ku Zimbabwe kale. "Mayi, thumba lanu lili pansi penipeni, sindingatsitse katundu wa anthu onse pamsewu."

Abambo: "Munthu amasunga pasipoti mu ufa ngati dzira?"

Ine: "Munthu amatumiza ufa osafunsa mkazi?"

Tadya aliyense kuyang'ana khoma lake. Esinati wangoti "Amayi..." foni n'kuduka. Akuti mayunitsi. Kaya.

Loweruka

Ndapitabe ku Chileka, diresi yosita, pa kabaza. Mwina chifundo. Ndinatenga chitupa cha unzika ndi khadi ya mpingo. Bambo wa pakhomo waulemu ndithu, waziwerenga zonse ziwiri. "Agogo, izi ndi zabwino, koma sizikwera ndege."

Ndaima kumpanda. Ndege yathamanga, yadzuka, yapita ndi mpando wanga wa pawindo. Ndaiona kumimba monga kale. Koma n'njokongola, zoona.

Lamulungu

Lero Mgonero. A Nachisale andinong'oneza m'tchalitchi: "Mwabwerako kale? Usipa mwapereka?" Kakapu kafika, timadzi tofiira tija timati vinyo. Ndalawa. Sindinalavule.

Esinati waimba masana, mawu abwererako. Tikiti yapsa. Mphesa akhala atamaliza kukolola, ntchito ichepa, tidzayesenso chaka chamawa Mulungu akalola. Ufa wafika ku Joni, mawa ukwera basi ina ya ku Kepu. Basi, pasipoti ikaona minda, matchalitchi ndi nyumba zaudzu. Ine ndikapalira nandolo.

Tadala akadya phala langa, n'kuonanso nkhope ya agogo ake pa kachithunzi kaja. Ndamuuza Esinati ayambe waipukuta ufa pasipotiyo, mwana angandiope.