Shuga wa a Mbewe

Lolemba
A Mbewe, alonda akwathu ku Dowa amene amakhala ku Bin Omran kuno kudziko la Aluya, amaliza mankhwala a khansa. Mawa akulowa m'makina athu atsopano a PET kuti tione ngati matenda atha. Akazi awo kumudzi akudikira foni. Nesi wa chipinda cha makinawo ndine, ndiye nkhaniyi ndaisenza pamutu.

Makinawa amajambula thupi lonse m'mphindi zochepa, osati zogoneka munthu mpaka msana kuuma ngati akale aja. Timabaya shuga wowala m'mtsempha, khansa imamuthamangira, n'kudziulula yokha. Ndawalembera malamulo:
1. Osadya maola sikisi.
2. Osachedwa, mankhwalawo sakhalitsa mphamvu.
3. Tikabaya, ola lathunthu kukhala chete.
Zosavuta. Mawa tithana nazo.

Lachiwiri
Shuga m'magazi ali m'mwamba! Akuti: "Sindinadye kanthu, sisita. Tiyi basi." Masupuni atatu, wamkaka. Kwa iwo tiyi si chakudya. Tasunthira mawa.

Lachitatu
Afika mochedwa maola awiri. Akumana ndi munthu wa ku Mponela pa siteshoni ya sitima ya metro ku Al Sadd, ndiye moni wafika mpaka ku mbuzi. Akuti: "Wakwanu sungamudutse ngati mtengo." Mankhwala aja afooka ali mu jekeseni.

Lachinayi
Amayi a mpingo awapeza m'mawa kudzawazonda. Fanta, zitumbuwa. Kukana cha mlendo ndi mwano, akutero a Mbewe. Adokotala andiyang'ana nthawi yaitali, kenako: "Inshallah, Sunday." Manyazi andigwira ngati Fantayo ndamwa ndine.

Lachisanu
Tchuthi. Ndapita komwe amakhala, ndalanda botolo la shuga. Pondiperekeza aima pa geti n'kutsitsa mawu: "Sisita, makina anuwo akuti saphonya kanthu. Akapeza, ndikawauza chiyani amake Chikondi?"
Kani si tiyi ayi. Akulu awa akuopa. Ndangowauza kuti tsikulo ndidzakhala pakhomo pomwepo pa chipinda cha makinawo.

Loweruka
Ndalemba pa gulu la mpingo: chonde, aliyense asawazonde. Onse ayankha "tamva". Kenako ayamba kugawana oti awaperekeze.

Lamulungu
Kuno ndi tsiku la ntchito. Afika mamawa, m'mimba mulibe kanthu, operekeza asanu ndi awiri ndawasiya panja. Tabaya. Ndatseka chitseko. Patapita mphindi khumi ndikumva nyimbo ya kutchalitchi ikutuluka pansi pa chitseko, besi yeniyeni. Ndagwira chogwirira, kenako ndasiya. Aimbe.

Chithunzi chatuluka. Pachifuwa poyera, m'mimba moyera, pakhosi pokha pakuwala ngati tochi. Adokotala apenda, apendanso, n'kufunsa: "Amaimba kwaya?" Ndi minofu ya mawu chabe, yamwa shuga poimba. Khansa palibe.

A Mbewe aimba foni pakhonde: "Amake Chikondi, khalas. Zatha."

Malamulo atatu, asunga awiri, sabata yonse yapita. Akubweranso pakatha miyezi sikisi. Botolo la shuga ndawabwezera.