Ndinasumira Munthu wa pa Kanema kwa Ankhoswe

Mukadzadutsa ku Mpingwe n'kuona nyumba ina ili ndi lata lopindika pafupi ndi dishi ya kanema, musadzavutike kufunsa chimene chinagwerapo. Panakhala ine, pafupifupi theka la ola, mwezi wa Okutobala.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti mdani ndinamulowetsa ndekha m'nyumba. Ku ofesi kwathu m'tauni anzanga ankangokamba za sewero latsopano la pa kanema, la munthu wouluka amene amanyamula basi ndi dzanja limodzi. Lamulungu titaweruka kutchalitchi ndinauza akazi anga, amayi a Chisomo, kuti tionereko gawo loyamba tikudya mpunga wa nkhuku.

Munthuyo atangotulukira ndinaseka mpaka kutsamwa. Bambo wamkulu ndithu, koma wavala zobiriwira zothina ngati wazipaka ndi penti, chigoba kumaso, nsapato zofika m'maondo ngati akupita kukagwira ntchito m'ngalande. Pomwepo ndinamupatsa dzina lakuti a Zothina. Ndinatembenuka kuti tisekere limodzi, koma mayi sankaseka. Supuni inali itaima m'malere.

“Eee,” anatero chapansipansi, “koma amuna alipo kunja kuno!”

Zaka khumi ndi zitatu tili m'banja, mawu amenewo sanandinenerepo ine, ngakhale tsiku limene ndinapha njoka kubafa (inali yaing'ono, komabe inali njoka). Ndiye ndili chiganizire zimenezo, ndinaona dzanja lawo likulowa m'mbale, maso ali pa kanema, n'kutola nthutumba. Nthutumba yanga! Aliyense amadziwa kuti pa nkhuku chiwalo chimenecho n'cha mwini nyumba. Anaitafuna osadziwa n'komwe chimene akudya.

Ndinayamba kumufufuza zolakwa mkuluyo. “Kodi ameneyu amagwira ntchito kuti? Nanga zovala zimenezi amavula bwanji akafuna kudzithandiza? Ali ndi kwawo?”

“Abambo a Chisomo, tatsekani pakamwa pang'ono, akupulumutsa anthu.”

Akupulumutsa. Mwaumva ulemuwo? Ine ndinagona ndi chinthu pamtima.

Sabata yotsatira ndinabwereka foni yawo kuti ndione nthawi. Chithunzi chathu cha ukwati, chija ndavala suti ya imvi, chinali chitachoka. Panali a Zothina atatulutsa chifuwa. Ndikudziwa kuti munthuyo ndi wa m'sewero chabe, kuti amakhala kutsidya la nyanja, ndiponso kuti mwina kuuluka kwakeko amachita kumukoka ndi zingwe. Zonsezi ndinkazidziwa bwinobwino, koma nsanje sinapite kusukulu.

Ndinaimbira nkhoswe yanga, amalume a Matiki, amene anapuma ntchito ya za sitima ndipo amakhala ku Limbe. Ndinawafotokozera zonse osabisa, mpaka za nthutumba. Ndinamva ngati akutsokomola.

“Mphwanga, ndaweruzapo za mowa, za zibwenzi, za apongozi, koma iyi ndiye yachilendo. Mlandu sitiweruza tisanaone umboni. Tibwera Lamulungu ndi nkhoswe yakuchikazi, timuone munthuyo ndi maso athu.”

Anabweradi, iwo ndi azakhali a mkazi wanga, mayi Nankhoma, atavala zakutchalitchi. Monga mlendo wolemekezeka, amalume ndinawapatsa mpando wanga. Nthutumba nayo inapita kwa iwo. Ndinali nditakonza mfundo zisanu pakapepala, koma ndisanayambe n'komwe, kanyimbo ka seweroli kanalira.

“Umboni uja ndi umenewu?” anafunsa amalume. “Takwezani mawu.”

Sipanathe mphindi khumi, mayi Nankhoma anali atavula nsapato, akukuwa kuti, “Kumbuyo kwanuko, achimwene, kumbuyoko!” Amalume, munthu amene ndinamudalira kuti andiimire, anamenya pabondo n'kunena kuti, “Uyu ndiye mwamuna!” Anthu atatu m'nyumba mwanga, akudya nkhuku yanga, akutamanda mdani wanga.

Ndinatuluka mwakachetechete. Kuseri kwa nyumba kunali makwerero amene mmisiri wopenta anasiya. Nzeru inandibwerera yakuti ndikwere, ndipotoze dishi pang'ono, chithunzi chizime, tikambe mlandu ngati anthu akuluakulu. (Apa pokha dziwani kuti ine ntchito yanga ndi yokhala pampando, ndipo mimba yanga imachitira umboni.)

Kukwera ndinakwera. Dishi ndiye inakana, mmisiri wake anaimanga ngati akudana nane. Ndinakoka, ndinakankha, kenako ndinaponda mwamphamvu kuti ndipeze poyambira, chidendene n'kugunda makwerero. Ndinawamva akutsetsereka pakhoma pang'onopang'ono mpaka anakagona pa kapinga. Ine phi! pa lata, lata nalo n'kupindika.

Amene sanakhalepo pa malata dzuwa la Okutobala likuswa mtengo sadziwa kulapa. Ndinasinthasintha makhalidwe ngati chimanga chowotcha. Kudumpha ndinkaopa, kukuwa ndinkachita manyazi, poti aneba athu ndi akulu ampingo. Pansi panga ndinkamva chimwemwe chokhachokha, a Zothina akupulumutsa mzinda wonse kupatula ine.

Thalauza itayamba kununkha ngati yapsa ndi simbi, ndinatulutsa foni n'kuimbira amayi a Chisomo. Ndinadziuza kuti sayankha, ali pakati pa nkhondo. Inangolira kamodzi.

“Abambo a Chisomo, muli kuti?”

“Padenga.”

“Denga liti?”

“Lathu lomweli.”

Sanafunse china. Anatuluka akuthamanga opanda nsapato, anadzutsa makwerero okha, n'kuwagwira mwamphamvu. “Tsikani pang'onopang'ono, musayang'ane pansi, ndagwira.” Ankhoswe anatuluka pambuyo, amalume akunyambita zala, mayi Nankhoma akundijambula pafoni.

Mlandu unakambidwa ine nditaimirira, poti kukhala sikunkatheka. Amalume anafunsa mkazi wanga chimene amamukondera munthu wa zothinayo. Ndinkayembekezera kumva za chifuwa.

“Chifuwa ndilibe nacho ntchito, amalume,” anatero. “Munthu uja, wina akangomuitana, amasiya zonse n'kubwera. Mwezi watha ine ndinadwala mutu waching'alang'ala mumsika wa Limbe, ndili ndi katundu, maso osaona bwino. Ndinawaimbira awa kanayi. Anandiyankha pa uthenga kuti ali mu mitingi. Anandikweza minibasi ndi mayi wogulitsa tomato, wosandidziwa n'komwe.”

Tsiku limenelo ndimalikumbuka. Mitingi inali itatha kale, tinkangokambirana za mpira. Manyazi amene ndinamva anaposa kutentha kwa malata, ndipo kapepala kanga ka mfundo zisanu ndinakafinyira m'thumba.

Amalume anayeretsa kukhosi. “Mphwanga, mlandu ulipo, koma woimbidwa si amene unamusumira. Ndipo wationongera mathero. Lamulungu likudzali tibweranso.”

Amabweradi mpaka lero, ndipo mpando wanga ndi nthutumba ndinaziiwala. A Zothina sindiwakondabe, ndimaonabe kuti munthu wamkulu sayenera kuvala motero pagulu. Koma foni ya amayi a Chisomo ikalira, kaya abwana ali pakati pa chiganizo, ndimatuluka n'kuyankha. Nthawi zambiri amangofuna ndigule anyezi.

Chithunzi cha pafoni pawo chinasinthanso. A Zothina anachoka, pano pali ine ndili padenga, nditakumbatira dishi, kukamwa kuli yasa. Ndinawapempha kuti abwezeretse cha ukwati chija. Anakana, amvekere, “Ichi ndiye ndimachikonda. Ndi tsiku lokhalo limene munandiitana inu.”