Diso la a Phiri Linalowa M'buku

Mpaka lero sindidziwa chimene chinalembedwa pa tsamba lija. Ndimangodziwa kuti chinatsala pang'ono kundigonetsa panja mu Nairobi.

Ndinapita kumeneko kusukulu chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo ndinkasungidwa ku Kasarani ndi a Phiri, Mmalawi wogwira ntchito kubungwe lina lalikulu. Ine ndinaleredwa ndi agogo makolo atamwalira, ndipo mwana wosungidwa amaphunzira msanga kutseka pakamwa n'kutsegula maso.

Pakamwapo anadzapatsegula ndi a Ifan, mphunzitsi wathu wochokera ku Wales. Ankalemba mabuku m'Chiwelishi, chinenero cha kwawo. Anati mabuku awo amanena za madikoni ndi makhansala, ndipo ambiri mwa iwo anasiya kuwapatsa moni. (Ine ndinati ndi nsanje chabe. Munthu angakwiye bwanji atalembedwa m'buku?)

Akandigulira tiyi mtauni ankandifunsa za kunyumba. Ndinkawauza zonse, iwo n'kumaseka mpaka kutsokomola. Sindinkadziwa choseketsa.

Patapita chaka anandionetsa buku latsopano. "A Phiri ako alimo. Ndawasandutsa dikoni."

Ndinathamangira matatu, minibasi ya kumeneko, mpaka kunyumba kwa a Phiri. "Bambo, mwalembedwa m'buku la ku Ulaya!"

"Ine? Mayi, iphani nkhuku! Aitanidwe munthuyo."

Loweruka kunabwera Amalawi onse a mpingo wathu, atatchena. A Ifan anandinong'oneza kuti, "Akudziwa kuti ndi buku lotani?" Ndinati akudziwa.

"Tiwerengereni m'chinenero chanucho," anatero a Phiri. "Ulemu sufuna womasulira."

A Ifan anayamba bwinobwino, ife tikugwedeza mitu ngati tikumva. Koma nkhani itawalowa, thupi linawalanda. Anakweza thalauzi mpaka pachifuwa. Anakhosomola kawiri. Anawerama ngati akupemphera, mawu akunjenjemera, kenako anatsegula diso limodzi pang'onopang'ono, n'kuliyendetsa mpaka pa mbale ya nkhuku.

Ine ndinaomba m'manja ndekha.

Mayi Phiri anathawira kukhitchini chitenje chili pakamwa. Mkulu wina anati wapaliwa ndi Fanta.

Alendo atapita, a Phiri anandiitana.

"Mzunguyu anadyapo pano kale?"

"Ayi, bambo."

"Nanga za disozi anaziona kuti?"

Ndinayang'ana pansi.

"Pakhomo pano tikamapemphera aliyense amatsinzina. Kapena alipo amene satsinzina?"

Ndinayamba kulongedza chikwama mumtima. Koma mayi anakuwa ali kukhitchini: "Musiyeni mwanayo! Ukwati wonsewu ine ndimayesa ndimaona ndekha!"

Sanandithamangitse. Bukulo analiika m'kabati ya galasi, ndipo mlendo aliyense ankauzidwa kuti limanena za kupemphera kwawo. Chilango changa chinali chakuti pemphero la chakudya lizikhala langa tsiku lililonse, iwo akundiyang'anitsitsa ndi maso onse awiri ngati ndatsinzinadi.

Ndikudziwa kuti ankandiyang'ana. Ndinkawaona.