Makatoni Atatu a ku Dzoole

Pulani inabadwira pansi pa mtengo wa mango kwa mai Felista ku Dzoole, Loweruka masana, chipanda cha masese chili pakati. Mwini pulaniyo anali Jailosi, tenanti wa pa esiteti ya fodya, yemwe anadzitcha yekha dzina loti Ubongo ngakhale sukulu anaithawa ali Sitandade 5.

"Amwene, umphawi tautsanzika," anatero akupukuta thovu kundevu. "Dzulo galimoto ya bungwe yatsitsa makatoni atatu ku laibulale ya m'mudzi ija. Pa katoni iliyonse pali chithunzi cha foni. Zamakono, zija zosisita ndi chala!"

Kalebe, chimunthu chonyamula mabelo chomwe anzake ankachitcha Chitsulo, anangoti kukamwa yasa. Aroni wa kabaza, wowonda mpaka kupatsidwa dzina loti Waya, anakanda m'mutu.

"Koma zomwe alemba pakatonipo mwawerenga, bigi?"

"Kuwerenga n'kwa ana asukulu, aise. Ine ndimaona ndi maso."

Chimene Jailosi sanawauze n'chakuti kunyumba kunali moto. Foni ya mkazi wake Sofiya anaigulitsa n'kumwera, ndipo Sofiya anali atalamula kale: foni ibwere, apo ayi iye abwerera kwawo ku Nachisaka.

Lamulungu m'mawa, mudzi wonse uli m'tchalitchi, kwaya itakweza mawu, madolo atatu aja anafika ku laibulale. Chitsulo analimbana ndi chitseko, kuchikankha ndi phewa mpaka thukuta kamukamu. Waya anangogwira chogwirira n'kukoka, chitseko n'kutseguka. Sichinali chokhoma n'komwe.

Makatoni anawamanga panjinga, n'kuwafunditsa mapesi, ulendo wa ku chigafa chakale cha fodya njira ya ku Bowe. Pachitunda chilichonse Jailosi ankangolamula, anzake akukankha.

Atang'amba katoni yoyamba, onse anasuzumiramo. Munali timabuku. Tating'ono, tokwana m'thumba la malaya. Yachiwiri, timabuku. Yachitatu Chitsulo anaikhuthulira pansi n'kuigwedeza ngati thumba la ufa, koma ngakhale chaja sinagwe.

Waya anayamba kuwerenga mitu mokweza: "Foni Yanu ndi Banja Lanu. Magule Atsopano a Achinyamata. Kubetcha Mpira: Amadya Ndani?"

"Taba sukulu," anatero Chitsulo, misozi ili m'maso.

Jailosi anadzigwira mutu womwe ankaunyadira uja. Zaka zonsezi kuthawa mabuku, lero wawanyamula yekha kukwera nawo mapiri.

Kenaka mvula inatsika yamphamvu, kothawira kunalibe. Waya anatola kabuku ka kubetcha, n'kumangoti "Eee, n'chifukwa chake sindiwina!" Chitsulo anatsegula ka magule n'kuyamba kuyeserera masitepe a pazithunzi, chigafa chikugwedezeka. Jailosi anatenga ka mafoni kuti apichirire fodya, koma diso linakodwa pa tsamba lina lonena za abambo ogulitsa katundu wa akazi awo. Anacheuka kuona ngati wolembayo ali pafupi. Anawerenga chala chili pamzere, mpaka kumapeto. Linali buku loyamba kulimaliza chibadwire.

Pa tsamba lomaliza panali mafunso khumi ndi mawu akuti: "Yankhani, dulani tsambali, kaperekeni ku laibulale. Wokhoza onse adzalandira foni."

"Bigi, si iyi foni ija!" anakuwa Waya.

"Khala pansi, mbuzi iwe. Umenewo ndi msampha wa mbewa. Wina asayerekeze."

Onse analumbira, makatoni n'kuwakwirira m'mapesi.

Lachiwiri Jailosi anapeza Sofiya akulongedza zitenje m'chikwama. Anadziuza kuti msampha umakola opusa okha, ndipo munthu wanzeru amadya nyambo n'kuchokapo. Anakhala kuseri kwa nkhokwe ndi pensulo ndi kabuku kaja komwe anabisa m'thumba, n'kuyankha mafunso onse. Analemba dzina lake lonse, mudzi wake, ndipo pamalo pa nambala ya foni analembapo kuti "ndilibe".

Lachitatu m'mawa anavala jekete la ukwati n'kukagogoda ku laibulale. Mai Loyce, oyang'anira malowo, anamulandira ndi manja awiri n'kuyang'ana tsamba lomwe anabweretsa.

"Fikani, bambo. Mwalemba mwaukhondo bwanji! Kabukuka munakapeza kuti?"

"Anandigawira a bungwe, mai. Ine ndimakonda kuwerenga kwabasi."

"Zodabwitsa. Timabukuti timayenera kuyamba kugawidwa Lachisanu, ndipo makatoni onse anabedwa asanatsegulidwe. Khalani apo pa benchi ndi anzanu."

Kuseri kwa shelefu kunali Chitsulo ndi Waya, mitu ili pansi, pakati pa abambo awiri a chitetezo cha m'mudzi atagwira chingwe cha ng'ombe. Waya anali atafika mamawa. Chitsulo anabwera pambuyo pake ndi tsamba lomwe anakopera kwa Waya, mayankho ndi dzina lomwe.

"Munati ndi msampha, bigi," ananong'ona Waya.

"Ndiye ndinanama?" anayankha Jailosi akupereka manja ku chingwe.

Pomwe ankawatulutsa kupita nawo kupolisi, anthu atadzaza pabwalo akuseka chikhakhali, Jailosi anaima pakhomo n'kutembenuka.

"Mai, pepani. Kungofuna kudziwa chabe. Ndakhoza angati?"

Mai Loyce anayang'ananso tsamba lija, n'kupukusa mutu.

"Onse khumi. Koma foni ndi ya owerenga, osati onyamula makatoni."

Jailosi anakonza kolala ya jekete ndi manja omangidwawo, n'kutukula chifuwa. Anayang'ana anzake aja m'munsi ndi m'mwamba.

"Yendani kumbuyo kwanga, mbuli inu," anatero. "Musandiyipitsire mbiri."