A Kingston Obwereka Zala

Kwathu ku Biriwiri anthu amabwerekana makasu, njinga, ngakhale jekete la ukwati, koma wobwereka zala analipo mmodzi yekha: malemu alamu anga a Kingston. Zala zangazi sizinawaiwale mpaka lero.

A Kingston anakwatira mlongo wanga Eliness atangobwera kumigodi ya ku Joni, ndipo chuma chachikulu chimene anabwera nacho chinali tiyi. Tiyi wawo supuni inkachita kuima yokha m'kapu. Ndiye atawapeza ndi matenda a shuga ku ukalamba, palibe anadabwa kupatula eni akewo.

Achipatala anawapatsa kamakina. Ubaye chala m'mawa usanadye, udonthezere magazi pakapepala, nambala ikatuluka foni iitumize kwa anamwino a Dailes kuboma. Nambala ikakwera a Dailes ankaimba nthawi yomweyo, ndipo sankanyengerera munthu. Sabata yoyamba anaimba tsiku ndi tsiku. A Kingston anati mayi ameneyu waposa kapitawo wa kumgodi, nakhala pansi kuganiza mofatsa.

Anayamba ndi chala cha mlongo wanga. Nambala inatuluka yokongola, a Dailes n'kuwayamikira. Zala za Eliness zitatupa, mkuluyo analowa m'mudzi. Uli pakati pothirira kabichi kudimba, umangomva odi kumbuyo.

"Alamu, tandibwerekani chala. Ndibweza."

Zalazo ankasankha ngati munthu wogula mbatatesi pamsewu. Wonenepa ayi, wogona kumowa ayi, wadya kale ayi. Akulu a mpingo onse anabayidwapo, mlembi mpaka kawiri. Anthu anafika popereka moni manja ali m'thumba. Tinatopa nawo, kunena zoona, ndipo tinkawauza kuti akudzinamiza okha. Iwo ankangoti Angoni magazi athu ndi amodzi, ndiye makinawo asatigawanitse.

Kutumiza nakonso inali ntchito. Popeza tili m'malire, pakhomo pawo foni inkagwira netiweki ya ku Mozambiki, ndiye ankakwera pachulu cha kuseri kwa tchalitchi, foni m'mwamba, chitumbuwa kudzanja linalo. A Dailes akawachemerera kuti ndi wodwala wachitsanzo, ankavula chipewa n'kuthokoza m'kamwa muli tho.

Ine ndinawazemba miyezi ingapo, koma m'mawa wina anandigwira ndikutuluka m'nyumba. Anati popeza ndaonda chonchi, chala changa ndiye chabwino. Ndinawapatsa kuti andichoke, tinakwera pachulu limodzi. Foni isanabwerere n'komwe m'thumba, a Dailes anaimba. Anati nambala yotere sanaionepo kwa a Kingston, asadye kanthu, akutumiza njinga yamoto.

Alamu anga anandiyang'ana nthawi yaitali. Masiku amenewo ndinkamwa madzi ngati ng'ombe, mathalauza akukhwefuka, ine n'kumati ndi ntchito ya kudimba. Akanatha kudula foniyo, n'kunamizira netiweki monga mwa masiku onse.

"Mayi, mundikalipira pambuyo pake," anatero. "Chalacho si changa, ndi cha alamu anga a Fanizo. Njingayo itenge iwowa."

Inatenga tonse awiri. Kuchipatala a Dailes sanawononge mawu, anangouza a Kingston kuti avule nsapato. Kuphazi kunali chilonda chimene anakhala akubisa ngakhale kwa Eliness. Ine ndinayamba mankhwala tsiku lomwelo, ndi ine ndili pano. Iwonso anayamba kubaya chala chawo, mokhulupirika ndithu, tiyi akumwa wopanda shuga nkhope ili khwinya, koma madzi anali atafika kale m'khosi. Anatisiya nyengo yokumba mbatatesi.

Nditapita kukawaona komaliza, anandigwira dzanja n'kupenda zala chimodzichimodzi.

"Alamu, izi ndabweza zonse. Inu musakabwereke kwa munthu."

Tsopano anthu anatulutsa manja m'matumba, ndipo m'mawa m'madimba mumangomveka makeni othirira. Ndimawasowa alamu anga, ngakhale ankanditopetsa. Kamakina ndili nako kanga, ndipo sindinama, kamatopetsa kuposa iwo: chala chomwechomwecho, chulu chomwecho, a Dailes omwewo. Tsiku lina ndikadya zosayenera kuukwati, m'mawa mwake maso anga amathamangira pazala za Eliness akamasesa pabwalo. Naye amadziwa, amangozibisa m'chitenje.

Ndiye ndimabaya changa, n'kukwera pachulu paja ndekha.