Mpopi wa M'bafa ndi Chikwama cha Alamu

Lolemba

Tchuthi chayamba! Sabata yathunthu osaona mafayilo a ku ofesi. Balaka akutentha ngati chiwaya cha tchipisi, koma ine ndili ndi ntchito imodzi yokha: mpopi wa m'bafa.

Ukudontha kuyambira nthawi yokolola. Tho. Tho. Nyumba tikuchita lendiyi ndi yakale, ili ndi chibeseni choyera cha azungu chija, chogonamo munthu posamba. Ife sitinagonemo n'kamodzi komwe. Timaimamo ndi ndowa ndi kapu ngati anthu ena onse. Amake Chisomo amatseka kabowo ka pansi, madontho n'kumadzaza pang'onopang'ono. Pomwe amatsetserekera pasanduka pachikasu, ndipo udzudzu wapeza mudzi.

M'mawa uno, akundipatsa tiyi, akuti: "Likafika Lamulungu ukudonthabe, ndiitana achimwene."



Achimwene awowo ndi alamu anga a Filipo a ku Nsanama. Manja ali nawo, sindikana. Amakonza chilichonse. Vuto n'lakuti njira yobwerera kwawo saidziwa. Chaka chatha anabwera kudzakonza chitseko cha kukhitchini, ntchito ya theka la tsiku. Anakhala miyezi iwiri ndi sabata. Mpando wanga wa pakhonde unali wawo, wailesi inali yawo, nthutumba ya nkhuku inali yawo. Amanditchula "alamu a cholembera". Mlamu sungamuthamangitse. Amakunyoza akuseka, ndipo iwenso uyenera kuseka.

Ndiye mpopi uwu ndikonza ndekha, Lamulungu lisanafike.

Zofunika:
- sipanala (ndabwereka kwa wokonza njinga za kabaza pakona)
- mpeni wa kukhitchini
- kanema wa pafoni, mzungu wina akukonza mpopi
- nzeru. Sayansi ndinakhoza ku Fomu 4. A Filipo sukulu anasiyira Sitandade 6.

Lero ndipume kaye. Munthu sayamba ntchito tsiku loyamba la tchuthi.

Lachiwiri

Kanema uja ndamuonera katatu. Mzunguyo akuti vuto ndi kamphira kozungulira ka mkati mwa mpopi. Kakatha, madzi amadutsa. Iye timphira totero ali nato tambirimbiri m'kabokosi, kalikonse pamalo pake. Akumaliza m'mphindi zinayi, malaya osanyowa, galu wake akumuonerera.

Kumsika. Wa hadiweya woyamba alibe. Wachiwiri akufunsa saizi, ndikumuonetsa ndi zala, iye akundionetsa ndi zala zake kuti imeneyo kulibe. Wachitatu, mdala wa magalasi omanga ndi waya, akuti mipopi yotere inapita ndi atsamunda. "Dulani patapata, bwana. Mipopi ya Balaka yense ikugwira ndi patapata."

Ine kudula patapata? Munthu wa satifiketi?

Ndabwerera ndi ganizo lina: mwina mpopi ukungofuna kumangitsa. Ndatulutsa madzi onse anali m'chibesenimo kuti ndiime pouma. Ndakoka ndi sipanala. Ndakokanso. China chake chalira kuti "kwe!" mkatimo.

Zotsatira: poyamba unkadontha ngati wotchi. Tsopano ukudontha ngati munthu wothamangira minibasi.

Ndakulunga ndi mphira ya chubu cha njinga. Tsopano ukudonthera pawiri.

Amake Chisomo aima pakhomo. Ayang'ana chibeseni chopanda madzi, ayang'ana ine, achoka. Bola akanalalata.

Lachitatu

Lero ndi lero. Ana ali kusukulu, mayi awo apita ku Phalula kukaona mnzawo wachira kumene, nyumba ndi yanga.

Choyamba, kutseka madzi. Mita ndi imodzi, ife ndi eni nyumba, Che Bwanali, amene amakhala nyumba yakutsogolo. Ili kuseri kwa khola la mbuzi zawo. Kachitsulo kotsekera kanachita dzimbiri, kakungozungulira mopepuka. Ndazunguliza kasanu ndi kawiri, mbuzi zikundiyang'ana. Ndikubwerera kubafa: mpopi uli chete! Ndatseka madzi ndi manja angawa.

Ndamasula zonse n'kuziyala pathaulo mwadongosolo. Kamphira kaja kanatheratu, kangotsala ngati khoko la nthochi louma. Mzungu ananena zoona. Mdala wa hadiweya nayenso, ngakhale sindikamuuza. Pakhomo la bafa pali patapata yobiriwira yooneka yotopa. Ndadula kozungulira pachidendene, ndaboola pakati ndi msomali wotentha. Kalowa ngati kanabadwira momwemo!

Ndamanga zonse. Patsala kachitsulo kamodzi kakang'ono, kooneka ngati mphete. Mu kanema munalibe. Ndakaika pawindo. Azungu amakonda kuchulutsa zinthu.

Ndapitanso kumita kukazunguliza mobwerera, kasanu ndi kawiri. Ndakhala m'mphepete mwa chibeseni theka la ola, maso pampopi. Palibe dontho! Ngakhale limodzi!

Sindiutsegula lero, mphira ikhazikike kaye.

Madzulo ndauza amake Chisomo. Akuti, "Zoona? Mwachita bwino," uku akutunga madzi ophikira mumgolo. Ndatumiza uthenga ku Nsanama: "Alamu musavutike, cholembera chakonza."

Mwina ndinalakwitsa ntchito. Mwina mafayilo akhala akuwononga mphatso.

Lachinayi

Ndadzuka ngati nduna. Ndauza wokonza njinga uja. Ndauza ngakhale Che Bwanali, kuti nyumba yawo ili m'manja mwa munthu wodziwa. Agwedeza mutu mwaulemu, koma akundiyang'ana ngati ndili ndi malungo.

Kenako ndikuona amayi akudutsa mumsewu. Ndowa, zigubu, mabeseni. Onse akulowera kumjigo wa kusukulu.

Ndafunsa amake Chisomo kuti kwagwanji. Akuti madzi kulibe tauni yonse kuyambira dzulo m'mawa. Ndafunsa kuti nthawi yanji kwenikweni. Akuti anatha iwo akumanga chitenje kupita ku Phalula. Amene ankadonthawo anali otsalira m'paipi. Nanga bwanji osandiuza dzulo lomwelo?

"Munali okondwa. Chiyambire chaka sindinakuoneni mukuseka chotero."

Ndathamangira kubafa, ndatsegula mpopi. Mphepo yokha. Ndikuti nditseke, chogwirira chikungozungulira osaima. Kumanja chikupita, kumanzere chikupita. Panopa sindikudziwa ngati mpopi uli wotseka kapena wotsegula.

Zina zimene ndaphunzira lero:
- madzi amene ndinataya Lachiwiri ndi amene timasamba madzi akasowa
- mgolo watsala pang'ono kuuma
- patapata ija sinali yotayidwa. Ndi ya amake Chisomo, ndipo aivala dala tsiku lonse, chidendene chikusuzumira pabowo.

Ndiye ndakwera njinga ndi zigubu ziwiri. Pamjigo mwamuna ndine ndekha. Mzere wafika pagolo la mpira. Mayi wina akufunsa mokweza ngati akazi anga andithawa. Mnzake akumuyankha kuti iyayi, awa ndi akatswiri aja akonza mpopi wopanda madzi. M'Balaka muno madzi amasowa, koma nkhani imayenda bwinobwino popanda mapaipi.

Maulendo atatu. Msana ukundikumbutsa kuti ndine kalaliki.

Ku Nsanama ayankha: "Chabwino alamu. Koma chikwama sindimasula."

Lachisanu

Cha m'ma leveni mapaipi ayamba kutsokomola. Aliyense kuno amakudziwa kutsokomola kumeneku: madzi abwera! M'makomo monse ndowa zikulira. Ine ndalowa kubafa kukaona ntchito ya manja anga.

Mpopi watsokomola kawiri. Kachitatu chogwirira chauluka, chagunda denga, chagwera m'chibeseni. Madzi akukwera molunjika ngati mtengo wa bulugamu. Kamphira ka patapata sindinaone kumene kalowera.

Liwiro kumita, sipanala m'manja, mbuzi balalabalala. Ulendo uno ndakanikiza kachitsulo kaja ndi mphamvu za mantha, ndipo kagwira. Madzi aima. Ndapuma.

Ndaiwala chinthu chimodzi. Lero n'Lachisanu, ndipo dzuwa latsala pang'ono kufika paliwombo.

Che Bwanali akubwera pang'onopang'ono atavala mkanjo woyera, manja a mkanjo atapinda, mkono umodzi wonyowa, wina wouma. Anali pakati pa wudhu, kusamba kwawo kokonzekera swala kumzikiti. Masiku awiri akhala akudikira madzi. Salalata munthu ameneyu, n'chifukwa chake amaopsa.

"Bambo a Chisomo, madzi akasowa tauni yonse timapirira, chifukwa sitidziwa woti timufunse. Lero tili ndi mwayi, woti timufunseyo ali ndi sipanala m'manja."

Ndatsegulanso.

Ndiye ndaima m'chibeseni, ndavundikira ndowa pamwamba pa mpopi kuti madzi azibwerera pansi osawononga denga. Akubwereradi, kudzera pa ine. Amake Chisomo atseka kabowo kuti madzi asatayike, kenako aima pawindo n'kumandiuza zochitika ngati wolengeza mpira pawailesi. Che Bwanali amaliza mkono wachiwiri. Ali kumutu tsopano. Atsala mapazi, limbani mtima!

Mapazi atha. Ndikuti ndikatseke, akuti dikirani kaye, akazi a Che Bwanali akudzaza migolo, ndani akudziwa kuti madzi athanso liti. Migolo itatu. Kenako wathu, womwe akutungira m'chibeseni momwemo, pakati pa miyendo yanga.

Ndatuluka cha m'ma thuu, zala zitakwinyika ngati mfutso. Ndiye kuti lero ndasamba koyamba m'chibeseni cha azungu monga anachipangira, madzi mpaka m'mawondo. Ndi malaya omwe.

Mita ndatsekanso, mwachilolezo. Che Bwanali pobwera kumzikiti andipatsa mpaka mawa madzulo. Akuti pambuyo pake mita itseguka, ndipo ngati ndikufuna kuimirira ndi ndowa mpaka kalekale, imeneyo ndi nkhani ya m'banja mwanga.

Loweruka

M'mamawa pa minibasi ya ku Liwonde, mpopi wakufawo uli m'jumbo. Ndagula watsopano, wonyezimira ngati wa kuhotela. Kufika kunyumba: sukulowa. Paipi yathu ndi ya atsamunda, mpopi ndi wa masiku ano. Sakudziwana, ndipo sakufuna kudziwana.

Ndapeza pulambala weniweni, ali pa ulendo wa ku ukwati atavala suti. Wasuzumira osakhudza kanthu. Akuti mano a paipi aphwanyika, ndipo wafunsa kuti ndani anakoka ndi sipanala ya njinga. Ndati nyumba ino munakhala anthu ambiri. Akuti pakufunika kugumula khoma, abwera Lachitatu. Sananene Lachitatu liti.

Mawu oti khoma Che Bwanali awamva ali pakhonde pawo. Atumiza uthenga kudzera mwa akazi awo woti khoma lawo silinalakwire munthu.

Ndatsala ndi njira ya makolo. Ndadula mpini wa khasu, ndausema, ndaukhomera m'paipi, ndakulunga mphira ya chubu mpaka paoneka ngati mwendo wothyoka. Ndatsegula mita uku ndikupemphera. Ndathamanga.

Wagwira! Madzi sakuulukanso! Denga lauma!

Ndamvetsera.

Tho. Tho.

Tinene mwachilungamo. Lolemba ndinali ndi mpopi wodontha umene unkatseguka. Lero ndili ndi mpini wodontha umene sutseguka. Mpopi watsopano uli pakabati, pafupi ndi satifiketi.

Amake Chisomo ali pafoni kuseri kwa nyumba, akuyankhula Chiyao, monga amachitira akafuna kuti ndisamve. Ndatolapo dzina langa lokha, katatu. Kuseka sikufuna womasulira.

Lamulungu

Tikuchokera kutchalitchi, akabaza awiri aima pageti. Woyamba wanyamula a Filipo. Wachiwiri wanyamula chikwama. Nthawi ya chitseko ija anabwera ndi kajumbo kokha.

"Alamu a cholembera! Ndamva mwayamba kulima m'bafa."

Ndaseka. Ndi mwambo.

Ayang'ana mpini, ayang'ana denga, kenako atola kamphete kaja pawindo. Akuti ndi kameneka kamagwira chogwirira kuti chisauluke. Akuti Lolemba lija inali ntchito ya mphindi zisanu, akanabwera m'mawa n'kubwerera masana. Zobwerera masanazo sindikukhulupirira, koma zikuwawabe. Tsopano pakufunika kachitsulo kolumikizira kamene kamapezeka ku Limbe kokha. Mnzawo woyendetsa lole adzabwera nako mwezi ukatha. Adikira. Sangasiye mlongo wawo pamavuto.

M'chikwamamo mwatuluka patapata zatsopano za amake Chisomo. Zobiriwira.

Che Bwanali abwera kudzawalonjera ndi manja awiri, ndipo apempha kuti poti alipo, adzaoneko khola la mbuzi, chitseko chake chinathyoka Lachisanu munthu wina akuthamanga. A Filipo akuti palibe vuto, nthawi ilipo yambiri.

Taphera alendo nkhuku. Nthutumba sindinaione.

Panopa ndi masana. Mpando wa pakhonde uli ndi mwini wake, wailesi ikulira mpira. Sipanala ndabweza. Mawa ndikubwerera kumafayilo, amene sanandinyowetsepo. Ndakhala m'mphepete mwa chibeseni, kope pabondo, chifukwa m'nyumba muno malo anga atsala ano okha.

Tho. Tho. Mpini ukuwerenga masiku a alamu, ndipo sukufulumira.